Mkazi Amene Anatuluka M'sutikesi ya Abusa

Bambo anga anamwalira ali ndi mayina anayi. Ife tinakwirira limodzi lokha. Atatu enawo anatsala kunja kuno, ndipo limodzi mwa iwo linatsala pang'ono kukweza amayi anga sitima, ambulera ili kumanja, mkwiyo uli pakhosi. Pa Likoma aliyense amaifotokoza nkhaniyi mmene akufunira. Ine ndiinena yonse, ndi mbali yanga yomwe.

1

Bambo anali Abusa Laban, a mpingo wa Methodisti ku Yofu. Amene mumachidziwa chilumba chathu mwaseka kale. Kuno mwana amakhala Mwangilikani mchombo usanagwe. Koma bambo anapita ku Bulawayo ali mnyamata kukagwira ntchito yosoka, ndipo pamene anzawo ankabwerako ndi njinga ndi mawayilesi, iwo anabwerako ndi kolala yoyera ndi buku la nyimbo zachilendo. Nkhosa zawo zinalipo khumi ndi zisanu ndi ziwiri, kuwerengera ndi agogo awiri osamva.

Amayi anga, a Sofiya, anakana kulowa nawo. Ankati, "Ndinakwatiwa ndi inu, osati ndi mpingo wanu." Choncho Lamulungu lililonse ankanyamuka limodzi mpaka pamlambe wa pamphambano. Pamenepo bambo ankakhotera ku kachisi wawo wamalata, amayi nkulunjika ku tchalitchi chachikulu cha ku Chipyela. Woyamba kuweruka ankadikira mnzake pamlambe pomwepo. Wodikira nthawi zonse anali bambo, poti ulaliki wa anthu khumi ndi asanu ndi awiri suchedwa.

Ndiye panali amalume a Cyprian, mlongo wawo wa amayi, mphunzitsi wopuma amene akazi awo anamwalira kalekale. Ankaphunzitsa ana a Sande sukulu ku Chipyela, ndipo m'thumba la jekete yawo simunkasowa buku la ana. Ankakonda alembi atatu: Agogo Eston, amene analemba za ng'azi yofuna kulowa kwaya; Mphunzitsi Sipho wa ndagi ndi nyimbo; ndi Anti Marian, amene nkhani zake zinkaliritsa ndi akuluakulu omwe.

"Alamu," ankatero kwa bambo, "mukanamawerengako awa, bwenzi ulaliki wanu uli ndi mchere pang'ono."

"Zoona, alamu," bambo ankayankha. "Tandibwerekani limodzi."

Ndipo ankaliwerengadi, nkhope ili ndii, nkulibweza ndi zikomo.

2

Ine ndine Sammy, mwana wawo mmodzi yekhayo. Ndinapita ku koleji ku Mzuzu kukaphunzira zaumoyo, ndipo ndinabwerako chaka chachiwiri chili pakati. Mayeso anandigwetsa kawiri. Kachitatu sindinadikire.

Tsiku limene ndinatsika sitima, amalume anali padoko.

"Eee, afika adokotala athu a theka! Sammy, digiri ili m'chikwamamo, kapena ibwera ndi sitima ya mlungu wamawa?"

Doko lonse linaseka, ndi amayi ogulitsa mandasi omwe. Ndinaseka nawo, koma mawuwo anandikhala ngati munga wothyokera kuphazi.

Bambo sanandikalipire. Patatha masiku atatu anandiitanira m'chipinda chawo chowerengera, anatseka chitseko, nkundipatsa kakiyi.

"Aka nka bokosi la kupositi. Sitima ikafika uzikatenga makalata, ine mawondo atopa. Koma zimene uzione, pakamwa utseke."

Ulendo woyamba ndinabwera ndi envulopu yaikulu yochokera kwa osindikiza mabuku ku Blantyre. Bambo anaitsegula ndikuona. Munali makalata a ana ndi aphunzitsi, opita kwa Agogo Eston, Mphunzitsi Sipho ndi Anti Marian.

"Bambo, anthu amenewa mumawadziwa?"

"Ndimadya nawo mbale imodzi." Anadzigwira pamimba. "Onse atatu ali muno."

Ndinakhala pansi osaitanidwa.

"Ukuganiza kuti amalume ako angawerengere ana buku la Mmethodisti?" anatero. "Angalinyamule ndi timitengo nkukaliponya m'nyanja. Koma ana ndi ana, Sammy. Amafuna nkhani."

"Nanga amayi akudziwa?"

"Amayi ako ndi munthu wabwino. Koma chinsinsi chikawalowa m'mawa ku Yofu, pofika masana achimva ndi a kutsidya ku Mozambiki."

Kuseri kwa buku lililonse bambo ankapeka mbiri ya mlembi wake. Ya Anti Marian inkati: "mphunzitsi wopuma, mayi wamasiye wa ku Mulanje, wokonda maluwa ndi nyimbo." Mawu amenewa anawalemba akuseka. Sanadziwe kuti akutchera msampha.

3

Anamwalira mu Juni chaka chatha, masana, atakhala pampando pansi pa mtengo wa mango, pensulo ili kukhutu. Ndinapita kukawadzutsa kuti tiyi akuzizira. Za tsiku limenelo sindilemba zambiri, dzanja limakana. Ndinene chimodzi chokha: Lamulungu loyamba amayi kubwerera kutchalitchi, poweruka anaima pamlambe nthawi yaitali akuyang'ana njira ya ku kachisi wamalata. Kenako anakumbukira.

Kwathu katundu wa malemu satsegulidwa mobisa. Achibale amakhala pamkeka, chinthu chilichonse chimakwezedwa m'mwamba kuti onse achione, ndipo pepala lililonse limawerengedwa mokweza, kuopa kuti wina angadzati munabisa. Abale a bambo ambiri ali ku Zimbabwe, choncho anabwera azakhali a Esme okha a ku Khuyu. Udindo wotsegula amalume anadzipatsa okha.

Zinatuluka nsapato, majekete, makolala. Kenako inabwera sutikesi yachitsulo ya ku Bulawayo, imene munthu wina aliyense sanaitsegulepo. Pamwamba penipeni panali chitenje chatsopano, botolo la perefyumu, ndolo, ndi mtolo wa makalata otayipa, omangidwa ndi ulusi wa ukonde.

Mtolowo ndinauzindikira nthawi yomweyo.

Amalume anasolola kalata yoyamba, anakhosomola monga mwa aphunzitsi, nkuyamba: "Wokondedwa Mar..." Mawu anawathera. Thukuta linayamba kutsika m'khosi. "Magalasi awa. Ndatenga olakwika."

"Mpatseni Sammy," anatero azakhali. "Anapitako ku koleji, ngakhale theka."

Ndinawerenga.

"Wokondedwa Marian, duwa la m'phiri la Mulanje. Chilandirire kalata yako sindikudziwanso chimene ndikuchita. Dzulo ndinathira shuga mu usipa, ndipo ndinadya wonse osazindikira. Sitima ikalira, mtima wanga umatsogola kudoko, miyendo nkumatsatira pambuyo. Ine wako, Wosungulumwa wa pa Chilumba."

"Wosungulumwa?" amayi anafunsa motsitsa. "Ine ndili pompano?"

"Werenga ina!" anatero azakhali, akusendera pafupi.

Ndinawerenga zinayi. Pa yachinayi amalume anapempha madzi.

"Laban ankasunga kope la chilichonse chimene watayipa," amayi anatero. "Ndi mphatso zomwe anagula, imfa yangomudula njira. Zaka makumi atatu ndi chimodzi! Ine sanandilemberepo ngakhale mzere umodzi. Kapepala kamene ndinalandirapo kwa Laban kanali koti ndigule palafini."

Anavula duku lakuda, analipinda bwinobwino, nkuliika pamkeka.

Onse anayang'ana amalume. Iwo anayang'ana pansi, kenako anati, "Ndinkanena ine za mipingo yobwera m'sutikesi."

Zotsala m'sutikesimo palibe anaziyang'ananso. Ine ndinkadziwa kuti Marian ndi ndani. Mawu atatu okha akanakwana. Ndinakhala chete.

4

Mlungu usanathe, amayi ovina gule wa chioda ku Khuyu anali atapeka kale nyimbo ya m'busa wothira shuga mu usipa. Ku kachisi wamalata kunatsala anthu asanu ndi mmodzi. Agogo awiri aja sanachoke, poti nkhaniyo sanaimve. Kunyumba, amayi anatembenuza chithunzi cha bambo kuti chiyang'ane khoma. Ankasesa, ankaphika, koma kuimba analeka.

Amalume anandipeza kumunda ndikukumba chinangwa. Anali ataonda.

"Mphwanga, tandiuza ngati mwamuna mnzanga. Bambo ako ankamudziwa bwanji Marian?"

"Marian wake uti, amalume?"

"Usandiyese mwana!" Anayang'ana uku ndi uku. "Makalata aja ndi anga. Ndinatayipa ndine. Perefyumu ija ndinachita kuitanitsa ku Nkhata Bay. Chaka chathunthu mkazi uja akundilembera, akunditcha njiwa yake, kuseri akutenga mphatso zanga nkumapatsa Laban! Mmethodisti! Anali ndi chiyani Laban chimene ine ndilibe? Wamfupi, wadazi..."

"Ndiye bwanji osawauza amayi kuti makalatawo ndi anu?"

"Kuti a ku Khuyu aziimba ine? Laban wagona, nyimbo saimva. Ine makutu ndikadali nawo. Komanso wolakwa ndi wolakwa basi. Analanda mkazi wa mwini."

Ndinafuna kuseka, ndinafuna kulira. Ndinangokumba chinangwa.

5

Lachinayi lina amayi analengeza: "Ndikupita ku Mulanje. Ndikamuone mkazi amene anaphunzitsa mwamuna wanga kulemba makalata."

"Simungayende nokha, alongo," amalume anatero msangamsanga. "Ndikuperekezani."

Tsiku la sitima anafika atameta, atavala suti ya pa ukwati wawo, kolala itauma ndi sitachi. Amayi anawayamika kuti mlongo weniweni amaoneka pa mavuto. Amayiwo anatenga ambulera yawo yaikulu, ngakhale mvula inali kutali ndi miyezi inayi. Anakhuthulira mapepala onse a m'sutikesi m'thumba, nkulongamo zovala zawo.

"Iwe utsale, uotche zonsezi. Ndikabwera ndisapeze ngakhale chidutswa."

Atapita ndinakoleza moto kuseri kwa nyumba. Ndinayamba kusolola mapepala: maulaliki akale, nkhani za ana zolembedwa ndi dzanja la bambo. Kenako ndinasolola kope la sukulu lachikuto chobiriwira, ndipo dzanja la m'menemo linali langa.

Apa ndiye poti ndiulule, owerenga.

Kalata yoyamba ya amalume kwa Anti Marian inafika mwezi wachitatu ndikugwira ntchito ya kakiyi ija. Bambo anaiwerenga, anapukusa mutu, nkuyankha mizere iwiri: zikomo, Mulungu akudalitseni. Anandiuza kuti zikabwera zina ndizingotcha, munthu asachite manyazi. Ine sindinaotche. "Adokotala a theka" ankaliralirabe m'khutu langa. Ndinayankha ndine. Ndinkayeserera m'kope lobiriwira, nkukopera bwino papepala, nkupatsa mnzanga wogwira ntchito m'sitima kuti akaponye kumtunda. Makalata khumi ndi anayi. Amene ankati "njiwa yanga" ndinali ine. Mayankho, mphatso ndi kopelo ndinkazibisa kudenga la khola la mbuzi, ndipo ndikaona amalume akudutsa akuimba likhweru, mtima wanga unkakhuta. Milungu iwiri bambo asanamwalire, zonse zinasowa kudengako. Ndinaganiza kuti ndi akuba. Makalata ndi mphatsozo ndinadzazionanso pamkeka paja.

Ndicho chifukwa chake ndinakhala chete. Kuyeretsa bambo kunali kudzivula ndekha.

Ndinatsegula kopelo kuti ndiliponye pamoto. Tsamba lililonse linali ndi inki yofiira. "Apa wachulutsa shuga." "Mayi wa zaka makumi asanu ndi limodzi salankhula chonchi." Penapake: "Apa ndaseka mpaka amayi ako kufunsa." Penanso, mawu awiri okha: "Apa ndalira."

Tsamba lomaliza analemba motalikirapo.

"Sammy, ndapeza katundu wako kukhola. Wachimwa. Kusungulumwa kwa munthu si choseweretsa. Ndikukupatsa mpaka Khirisimasi kuti ukaulule wekha kwa amalume ako. Koma mwananga, munthu amene angachititse alamu anga kugula perefyumu ndi mawu okha, ameneyo si wolephera. Marian wako ali ndi moyo kuposa wanga. Ukatha kupepesa ubwere, tilembe limodzi."

Khirisimasiyo sanaione.

Kunyanja sitima inalira. Ndinanyamula thumba lija nkuyamba kuthamanga.

6

Kuchokera ku Yofu kukafika kudoko sindikumbukira kuti ndinaponda pati. Ndinawapeza ali pamzere, pakati pa madengu a usipa ndi matumba a ufa. Amayi anali atagwira ambulera ngati mkondo.

"Amayi! Musakwere! Marian ndi bambo!"

Mzere wonse unatembenuka.

"Mwanayu maliro amusokoneza," amayi anauza mayi woyandikana nawo.

Ndinakhuthula thumba pamchenga. Ndinawaonetsa nkhani za Anti Marian zolembedwa ndi dzanja la bambo, zofufutafufuta, zina kuseri kwa ulaliki. Ndinafotokoza za Agogo Eston, za Mphunzitsi Sipho, za kakiyi. Amayi anayang'anitsitsa, milomo ili yothina.

"Dzanja ndi lake. Ndiye kuti ankamukoperanso ndi mabuku omwe, hule ameneyo."

Ndinaona buku likusuzumira m'thumba la suti ya amalume. Analitenga kuti mwini wake akalisayinire. Ndinalisolola, ndinatsegula tsamba loyamba limene anthu amangolidumpha, nkuwapatsa amayi.

Anawerenga pang'onopang'ono, chala chikutsata mawu.

"Kwa S., amene timasiyana pamlambe Lamulungu lililonse, ndipo sanalepherepo kubwerera."

"Mabuku a Anti Marian alipo khumi ndi limodzi, amayi. Onse akuyamba chomwecho."

Amayi anakhala pasutikesi. Anawerenganso. Misozi inagwera patsamba, anaipukuta msanga ndi chala kuti lisanyowe.

"Chitsiru cha munthu," anatero. "Kulemba nkupatsa dziko lonse, mwini wake osamupatsa."

Pamenepo amalume anaiwala kuti ali pagulu.

"Tadikirani. Ndiye kuti amene ankanditcha njiwa yake... anali Laban?"

Amayi anadzutsa mutu.

"Achimwene! Wosungulumwa wa pa Chilumba ndinu? Shuga mu usipa munathira ndinu? Nkukhala pamkeka panga mukunyoza mwamuna wanga? Nkumeta, nkuvala suti, ati kundiperekeza!"

Wina kumbuyo anayamba nyimbo ya ku Khuyu ija. Ndikanangogwedeza mutu, mlandu wonse ukanapita kumanda ndi bambo, ndipo anthu akanati m'busa anali wanthabwala. Kope lobiriwira linali m'malaya mwanga, likundikanda pamimba.

"Sanali bambo, amalume. Bambo anayankha kamodzi kokha. Ena onse ndinalemba ndine."

Ambulera ija inapeza ntchito yake. Amayi anandimenya nayo katatu pamsana, akulira, akuseka, akutchula dzina langa lonse laubatizo. Anthu ankagwirana mapewa ndi phwete. Sitima inalira kachiwiri, wina osasuntha.

Amalume okha sanakalipe. Anamasula tayi, anaipinda, anaiika m'thumba.

"Kalata ya pa Pasaka ija," anatero motsitsa, "yonena kuti munthu akaferedwa amatsukabe makapu awiri a tiyi. Unalemba ndiwe?"

"Ndine."

"Unadziwa bwanji?"

"Ndinkakuonani, amalume."

Anagwedeza mutu, anatola chikwama chawo, nkuyamba kukwera mtunda wa ku Chipyela okhaokha. Ambulera sinandipweteke chomwecho.

7

A ku Khuyu anasintha nyimbo. Vesi loyamba ndi la amalume, lachiwiri ndi langa, ndipo langalo ndi lalitali. Amayi anavalanso duku lawo, anatembenuza chithunzi, ndipo mabuku khumi ndi limodzi aja amawasunga pamodzi ndi buku lawo la mapemphero. Atavula zakuda, chitenje chija anachivala. Ati chinagulidwa kale, ndipo wogula ndi mlongo wawo. Ku kachisi wamalata tsopano timakwana makumi awiri ndi atatu. Ena amangobwera kudzaona pamene ankaima Anti Marian.

Amalume sanandilankhule miyezi inayi. Ndinkawalimira, ndinkawatungira madzi, iwo nkumayang'ana kumbali. Tsiku lina m'mawa ndinawaona akubwera ku Yofu, makina otayipira ali paphewa. Anawatsitsa patebulo la bambo.

"Ana akufunsa buku latsopano. Ndawauza kuti Anti Marian wadwala pang'ono." Anandiloza ndi chala. "Usamuphe. Iwe uzilemba, ine ndizitayipa. Koma kalata, usadzayerekezenso."

Timatero mpaka lero. Amandikonza Chichewa, timakangana, ndipo makapu awo awiri aja onse ali ndi womwera.

Inu owerenga, sindikupemphani kuti mundikhululukire. Amene anayenera kutero anatero kale, wina ndi inki yofiira, wina ndi makina paphewa. Ndinafuna kuti munthu mmodzi asekedwe monga ndinasekedwera ine, ndipo amene analipira anali mayi amene anagona mwezi wathunthu akudana ndi mwamuna amene anamukonda m'mabuku khumi ndi limodzi. Ngati muli ndi choti muulule, musadikire Khirisimasi. Ndipo inu amene mumakonda mwakachetechete ngati bambo anga, lembani ndithu m'mabuku, koma kapepala ka palafini kaja muziwonjezerako mzere umodzi.

Lamulungu lililonse ndimanyamuka ndi amayi mpaka pamlambe. Iwo amalunjika ku Chipyela, ine ndimakhotera ku kachisi wamalata. Poweruka ndimakawadikira pomwepo. Kwathu sitichedwa.